Phunziro 6: Kupeza frequency density pojambula histogram

Aphunzitsi anzanga, mu histogram chimene chimasonyeza kuchuluka kwa anthu si kutalika kwa mzati ayi, koma malo onse amene mzatiwo watenga. Magulu akasiyana m'lifupi, ana ambiri amasokonezeka pa mayeso a ZIMSEC.

Tiyerekeze sukulu ya kwacha pa famu ina kufupi ndi Bindura, ku Mashonaland Central. M'kaundula muli chonchi:

Zaka 15 mpaka 19: anthu 10
Zaka 20 mpaka 29: anthu 30
Zaka 30 mpaka 59: anthu 30

Gulu lomalizali talitambasula dala. Akuluakulu ambiri a m'mafamu, makamaka amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, alibe chikalata chobadwira, ndiye zaka zawo timangoyerekeza.

Lamulo lake: gawani chiwerengero cha anthu ndi m'lifupi mwa gulu. Koma samalani apa! Gulu loyamba m'lifupi mwake ndi 5, osati 4, pakuti munthu amakhalabe wa zaka 19 mpaka tsiku lokwanitsa 20. Choncho:

10 ÷ 5 = 2
30 ÷ 10 = 3
30 ÷ 30 = 1

Mizati italike 2, 3 ndi 1. Mukajambula ndi 30 ndi 30, mzati womalizawo utenga malo katatu kuposa wapakati, ndipo komiti yogula mabuku iganiza kuti akuluakulu ndiwo adzaza kalasi, chonsecho magulu awiriwo ndi ofanana.

Ntchito: Tengani kaundula wa kalasi yanu, gawani zaka m'magulu atatu osiyana m'lifupi, jambulani histogram, ndipo mutumize pamodzi ndi mayankho a Phunziro 5.