PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MATIMATI A M'DENGU LOPACHIKA PA KHONDE

Inu amene mumagula kapena kugulitsa matimati mukudziwa m'mene mtengo wake umayendera chaka ndi chaka. M'chilimwe, pamene madimba a ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mzimba ali pakati pa kukolola, milu ya matimati imadzaza m'mbali mwa mseu pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa Jenda, ogulitsa nkumachita kuthamangira galimoto iliyonse imene yaima. Koma mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka Malichi, mulu umachepa, mtengo nkukwera, ndipo mabanja ambiri amayamba kudya ndiwo zopanda matimati.

Chimene chimachititsa zimenezi makamaka ndi matenda a chiwau. Matendawa amakonda masamba onyowa. Mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku masamba sauma, komanso madontho ake amathovutsira dothi la matenda pa masamba a m'munsi. Pakutha pa masabata awiri munda umene unali wobiriwira umaoneka ngati waotchedwa ndi moto.

Tsono phunziro lathu lino ndi la njira imodzi yopezera matimati a ndiwo pa nyengo yovutayi. Njirayo ndi kuwabzala m'dengu ndi kulipachika pa khonde, pamene denga litchinga mvula koma dzuwa nkumafika. Njirayi ithandizanso inu a m'matauni monga ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amene mulibe malo a dimba, ndiponso inu amene dothi la pakhomo panu lidagwidwa kale ndi matenda ofotetsa matimati. Tinene poyera kuti iyi si njira yolemerera. Madengu asanu sangadzaze ngolo. Koma ndalama imene simunaitulutse pogula ndiwo m'Febuluwale ndi phindu ndithu.

KUSANKHA MBEU

Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwira. Matimati alipo a magulu awiri. Gulu loyamba ndi la aja otalika, monga Money Maker, amene nsonga yake imangokulabe osaleka, ndipo amafuna kuzikiridwa mitengo ndi kumangiriridwa. Amenewa sayenera m'dengu. Mizu yake imafuna malo aakulu, ndipo tsinde lake likalendewera limathyokera pa mkombero wa dengu.

Gulu lachiwiri ndi la matimati aafupi, a chitsamba. Nthambi iliyonse ya matimati amenewa ikakula pang'ono imathera pa maluwa, ndipo kukula kwake kumaimira pomwepo. Choncho chomera chimakhala chachifupi ndi cha nthambi zambiri. Roma VF, Rodade ndi Tanya ali m'gulu limeneli. Ku Ulaya kuli mitundu ina monga Tumbler ndi Tumbling Tom imene idapangidwira madengu opachika enieniwo, ya zipatso zazing'ono ndi nthambi zogwera pansi zokha. Mukaipeza iguleni, koma musataye nthawi kuifunafuna. Werengani pa pepala la mbeu, kapena funsani wogulitsa ngati mtunduwo ndi waufupi. Zipatso zikakhala zazing'ono ndiye bwino koposa, chifukwa nthambi sizilemedwa.

Nanga phwetekere wathu uja wamng'onomng'ono womera yekha pa dzala? Ameneyu si wa chitsamba, amayanga, koma nthambi zake nzofewa ndipo zimalendewera bwino. Ndi wopirira kuposa mitundu yambiri ya m'sitolo. Ena amamnyoza, koma amayi amene amatendera naye ndiwo sadandaula. Muyeseni m'dengu limodzi; nthambi zikatalikitsa muzingozidula nsonga.

Mbeu ikalembedwa F1 ndiye kuti ndi ya haibulidi. Musasunge njere zake kuti mudzabzale chaka chamawa, pakuti zomera zake sizifanana ndi kholo.

DENGU NDI POLIPACHIKA

Dengu likhale losachepera masentimita 30 kukamwa kwake ndi masentimita 25 kuya kwake, loti mungalowe dothi lokwana malita 10 kapena kuposerapo. Dengu la nsungwi nlabwino, koma muyalemo thumba lakale la feteleza lotsuka bwino kuti dothi lisatayike, ndipo thumbalo muliboole malo angapo pansi. Dziwani kuti nsungwi imaola ndi chinyezi, kotero dengu lotere ndi la nyengo imodzi basi. Ndowa yakale kapena chigubu cha malita 20 chodula pakati chimakhalitsa. Chibooleni pansi ndi msomali wamoto mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo, mafuta a galimoto kapena penti musachigwiritse ntchito.

Tsopano mvetsetsani nkhani ya kulemera, chifukwa pa khonde ndi pamene ana amasewera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo dothi lonyowa limalemera kuposa madzi. Ndiye kuti dengu la malita 10 mukangolithirira lapitirira makilogalamu 10, osawerengera chomera ndi zipatso zake. Msomali umodzi wokhomera pa thabwa sungasenze katundu wotere kwa miyezi inayi. Luzi ndi chingwe cha khonje zimafumbwa ndi chinyezi mosaonetsa. Tengani waya wolimba, mumangirire dengu mbali zitatu, ndipo wayayo azungulire mtanda weniweni wa denga. Musanaikemo mbande, pachikani dengu lodzaza dothi lonyowa kwa masiku awiri muone ngati mtanda ukupindika.

Matimati amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi pa tsiku. M'dzinja kuno kwathu dzuwa limadutsa pamutu penipeni kapena chakumwera pang'ono, choncho khonde loyang'ana kumpoto limakhala mu mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Khonde loyang'ana kum'mawa ndilo labwino koposa, chifukwa dzuwa la m'mawa limaumitsa mame msanga ndipo silitentha kwambiri. Loyang'ana kumadzulo lingathenso, koma dengu lake limauma msanga. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo pamenepo khonde la kumpoto lija ndilo limakhala labwino.

Pachikani dengu cha kumapeto kwa khonde kuti dzuwa lilowe, koma mkati pang'ono mwa pamene madzi a denga amagwera. Lisayandikane ndi malata, amatentha. Ngati pakhomo pali mbuzi, likwezeni ndithu, pakuti mbuzi ikaima ndi miyendo iwiri imafika patali.

DOTHI

Phindu lalikulu la dengu ndi lakuti dothi mumasankha nokha. Musalitaye phinduli potapa dothi pamene panali matimati, mbatata ya kachewere, fodya, mabilinganya kapena tsabola. Mbeu zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. M'dothi lotere mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene alangizi amatitcha manematodi, totupitsa mizu timfundotimfundo, ndiponso tizilombo toyambitsa matenda aja ofotetsa chomera chonse chikadali chobiriwira. Dothi la pa chulu nalo lisiyeni. Nlolemera ndipo likauma limaumbika ngati njerwa.

Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba la pansi pa mitengo, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Inu a kumadera olima mpunga monga Karonga, Nkhotakota ndi ku Chilwa, ikani mankhusu a mpunga owauka m'malo mwa mchenga, dengu lidzapepuka. Manyowa aawisi amaotcha mizu.

Ngati dothi mukulikaikira, liphikeni. Alimi a fodya akhala akutentha mapesi pa nazale kuyambira kale pofuna kupha manematodi, ndipo nzeru yake ndi yomweyo. Nyowetsani dothi, liikeni m'chidutswa cha mgolo, vundikirani ndi thumba lonyowa, sonkhani moto mpaka nthunzi ituluke paliponse kwa theka la ola. Lisiyeni lizizire ndi kupuma masiku angapo musanabzalemo.

KUFESA NDI KUWOKERA

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo. Njere zimamera pakatha masiku 5 mpaka 10. Mbande zimakwanira kuwokera pakatha masabata anayi kapena asanu, zikafika masentimita 10 mpaka 15. Kuchokera pa kuwokera, zipatso zoyamba zimapsa pakatha miyezi iwiri kapena iwiri ndi theka. Tsono ngati mufuna matimati m'Febuluwale, fesani kumapeto kwa Okutobala. Matimati aafupi amapsa pafupifupi nthawi imodzi, m'masabata owerengeka nkutha. Chifukwa cha ichi musabzale madengu onse tsiku limodzi. Fesani njere zochepa masabata atatu alionse.

Wokerani madzulo, mbande imodzi pakati pa dengu. Imodzi yokha. Tikudziwa kuti dengu limaoneka lalikulu pamene mbande ili yaing'ono, ndipo mtima umafuna kuikamo zitatu, koma zikakula zidzalimbirana madzi ndipo zonse zidzabereka tizipatso tonyozeka. Kwirirani tsinde mpaka pa masamba oyamba, chifukwa tsinde la matimati limatulutsa mizu ina paliponse pamene lakwiririka. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa dothi ndi mkombero, ndipo phimbirani ndi udzu wouma.

Inu amene mudazolowera Money Maker, manja anu adzafuna kuthyola mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba. Agwireni manjawo. Pa matimati aafupi mphukira iliyonse ndi nthambi imene idzanyamule maluwa, ndipo mukaithyola mwataya zipatso zimene sizidzabweranso. Chotsani masamba achikasu ndi odwala okha.

MADZI NDI CHAKUDYA

Gawo ili ndilo mutu wa phunziro lonse. Chomera cha m'munda chikamva ludzu chimazamitsa mizu kukafuna chinyezi pansi. Cha m'dengu chilibe kopita. Mwachichotsa ku mvula ndi ku nthaka, ndiye kuti madzi ake onse ndi chakudya chake chonse zili m'manja mwanu. Kunja kungagwe mvula ya tsiku lonse, dengu la pa khonde nkukhala louma gwa. Ndiponso dengu lolendewera limawombedwa ndi mphepo mbali zonse, motero limauma msanga kuposa chitini chokhala pansi.

M'mawa uliwonse pisani chala m'dothi. Ngati mpouma kufika pa mfundo yoyamba ya chala, thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi ayambe kudontha pansi. Chomera chikakula ndi kuyamba kubereka chidzafuna madzi tsiku lililonse, ndipo masiku otentha kawiri. Thirani pa dothi, osati pa masamba, pakuti kunyowetsa masamba ndi kuitana chiwau chimene munachithawa. Dothi likaumitsitsa limalekana ndi dengu, ndipo madzi amangodutsa m'mbali osalowa ku mizu. Zikatero tsitsani dengu, muliviike m'beseni la madzi kwa theka la ola. Mukakhala ndi ulendo wa ku maliro kapena ku ukwati wa masiku awiri, tsitsani madengu muwaike pa mthunzi ndipo mupemphe mnansi azithirira.

Kuthirira kodumphadumpha kuli ndi zizindikiro zake. Chipatso chimada ndi kuola kunsi kwake, kumene kunali duwa. Ambiri amayesa matenda nathamangira kugula mankhwala, koma mankhwala sathandiza. Chimachitika nchakuti mchere wa kashiamu umayenda ndi madzi kuchokera ku mizu, ndipo madzi akadukiza, kunsi kwa chipatso sikulandira. Chizindikiro china ndi kung'aluka kwa zipatso pamene chomera chaludzu chalandira madzi ambiri mwadzidzidzi.

Madzi odontha pansi aja amatuluka ndi chakudya, choncho manyowa a poyamba satha kufikitsa chomera kumapeto. Maluwa akayamba, thirani supuni yaing'ono imodzi ya feteleza wa D Compound m'mbali mwa dengu, kutali ndi tsinde, masabata awiri alionse, ndipo thirirani pomwepo. Fetelezayu ali ndi potashi amene zipatso zimafuna. Urea musamuyandikize, adzakupatsani masamba obiriwira okongola ndi zipatso zochepa. Ngati feteleza mulibe, mangani zitosi za nkhuku m'thumba, muviike m'ndowa ya madzi kwa masabata awiri, ndipo madziwo muziwasungunula ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka musanathire.

Duwa la matimati limadzibereketsa lokha, koma limafuna kugwedezeka kuti ufa wake ugwe. Pa khonde lobisika ku mphepo, gwedezani dengu pang'ono cha m'ma 10 koloko m'mawa. Kumadera otentha monga Chikwawa ndi Nsanje maluwa amayoyoka kutentha kukanyanya, ndipo kumeneko njirayi imayenda bwino m'miyezi yozizira.

ADANI AMENE DENGU SILINGAWATCHINGE

Akangaude ofiira amakonda malo ouma osafika mvula, ndipo khonde ndi malo otero. Nthawi ndi nthawi tembenuzani tsamba muone kunsi kwake. Mukaona timadontho tofiira toyenda, kapena masamba akuyamba kutuwa, tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi a sopo pang'ono m'mawa, kuti aume dzuwa lisanapendeke. Musachedwe mpaka ukonde uoneke.

Mdani wina ndi kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kadafika ku Spain mu 2006 ndipo pambuyo pake kadafalikira mu Africa mpaka m'madimba athu. Mphutsi zake zimalowa mkati mwa tsamba ndi kudya, nkusiya mawanga oyera ngati pepala, kenaka zimaboola zipatso. Popeza madengu anu ndi owerengeka, maso ndi zala zikwanira: thyolani tsamba lililonse la mawanga otere, mulitenthe. Musagule mankhwala musanafunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, makamaka poti madenguwa ali pa khomo la nyumba pamene mumadyera.

Inu alimi a fodya ndi inu osuta, sambani m'manja ndi sopo musanagwire matimati, chifukwa matenda a fodya opiringiza ndi kuwangitsa masamba amayenda ndi manja.

Thyolani zipatso zikangoyamba kufiira, zikapsere m'nyumba, apumbwa asanazione. Chomera chikatha kubereka chizuleni, muyang'ane mizu. Ngati ili ndi mfundo zotupa, dothilo mukalitaye kutali ndi dimba. Ngati ili yoyera bwino, onjezani manyowa mubzalemo mpiru kapena anyezi, ndipo matimati otsatira muwakonzere dothi latsopano.