Phunziro 14: Anthu Ouluka ndi Phiko la Nsalu

TIWERENGE

Tonsefe tinamuonapo kabawi ali m'mwamba masana. Sakupiza mapiko. Amangowatambasula, n'kumazungulira, n'kumakwera. Anapiye amathawira pansi pa nkhokwe, ana amakuwa. Koma kodi tinayamba tadzifunsapo kuti chimamukweza n'chiyani?

Chimamukweza ndi mpweya.

Lero tiwerenga za anthu amene anatengera nzeru ya kabawi. Iwo amauluka popanda injini, popanda mafuta. Amauluka pofuna kusangalala, monga ena amasangalala ndi mpira kapena bawo. Koma masewera awa ndi a moyo ndi imfa. Wodziwa mphepo amabwerera kwawo. Wosadziwa mphepo amavulala, mwinanso kufa kumene.

1. Phiko la nsalu

Chimene anthuwa amaulukira, pa Chipwitikizi amati parapente, pa Chingerezi amati paraglider. Ife m'phunziro lino tiziti phiko la nsalu.

Phikoli amasoka ndi nsalu ya nayiloni, yopyapyala koma yolimba. Nsaluzo zimakhala ziwiri, ya pamwamba ndi ya pansi. Pakati pake pamakhala timatumba tambiri tondondozana. Timatumbato n'totsekula kutsogolo, n'totseka kumbuyo. Mpweya ukalowamo, phiko limafufuma ndi kulimba. Kuchokera kunsonga kufika kunsonga inzake pali mamita 8 mpaka 12.

Kuphikoko kumatsika zingwe zambiri zing'onozing'ono. Zingwezo amazimangirira ku mpando wa malamba, m'mene munthu amakhala. M'manja mwake amagwira zogwirira ziwiri. Akakoka cha kumanja, amakhotera kumanja. Akakoka cha kumanzere, amakhotera kumanzere. Akakoka zonse ziwiri pofika pansi, phiko limachepetsa liwiro, iye n'kuponda pansi bwinobwino.

Kumutu amavala chisoti cholimba. Mumpando amasungamo parachuti yapadera, yoti aponye phiko likakanika. Katundu yenseyu amalowa m'chikwama chimodzi chakumsana. Kawirikawiri salemera kuposa ndowa ya malita 20 yodzaza madzi.

Masewerawa anatchuka kuchokera ku France. Mu Juni 1978, amuna atatu, Jean-Claude Bétemps, André Bohn ndi Gérard Bosson, anapita pa phiri lina ku Mieussy. Iwo anali odumpha m'ndege ndi parachuti. Anayesa kunyamuka pothamanga pamtsetse wa phiri, osakwera ndege. Zinatheka. Kuyambira pamenepo mapiko akhala akukonzedwa bwino chaka ndi chaka.

2. Phiko limatsika nthawi zonse

Tigwire mfundo iyi, pakuti ndiyo mutu wa phunziro lathu. Phiko la nsalu silikwera lokha. Nthawi zonse limatsika pang'onopang'ono. Mpweya ukakhala bata, phiko labwino limapita kutsogolo mamita 9 pa mita imodzi iliyonse imene latsika.

Tsono munthu angakhale bwanji m'mwamba maola atatu kapena anayi? Ayenera kupeza mpweya umene ukukwera mofulumira kuposa m'mene iye akutsikira. Mpweya wotere umapezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kugombe la nyanja. Yachiwiri ndi ya kumapiri ndi kuminda yotentha.

Kuti tizione bwino njira ziwirizi, tiyeni tipite ku South Africa, m'chigawo cha Western Cape, kumene anthu ambiri amakaulukira. Kuno kwathu miyezi ya Novembala mpaka Marichi ndi dzinja, nthawi yobzala ndi yopalira. Ku Cape Town miyezi yomweyo ndiyo yotentha ndi youma, pakuti mvula yawo imagwa nthawi yozizira. Ouluka amaidikira nyengo yotenthayi monga mlimi adikira mvula yoyamba. Tiwatsatire malo atatu.

3. Ku Cape Town: kuphunzira kudikira

Mzinda wa Cape Town uli pakati pa nyanja ndi mapiri. Ouluka amanyamukira pa mapiri awiri. Lina ndi Lion's Head, lotalika mamita 669. Lina ndi Signal Hill, lotalika mamita 350. Onyamukira pa Signal Hill amadutsa pamwamba pa nyumba za mumzinda n'kukatera pa kapinga wa kugombe ku Sea Point. Alendo amene sanaphunzire amauluka pa phiko limodzi ndi katswiri, iwo kutsogolo, katswiri kumbuyo.

Ponyamuka, munthu amayala phiko pansi. Amayang'ana zingwe chimodzichimodzi kuti zisapiringizane. Amamanga malamba onse. Kenaka amayang'ana kansalu komangidwa pamtengo, kamene kamasonyeza kumene mphepo ikuchokera. Mphepo iyenera kumuwomba kumaso. Ikamuwomba kumsana, sanyamuka.

M'nyengo yotentha ku Cape Town kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa. Anthu a kumeneko anaipatsa dzina lakuti Cape Doctor. Ikayamba, mtambo woyera umafunda pamwamba pa phiri la Table Mountain ngati nsalu ya patebulo. Wouluka wanzeru akaona mtambo umenewo amadziwa kuti mphepo yalusa.

N'chifukwa chiyani amaiopa? Tiwerengere. Phiko limayenda pafupifupi makilomita 37 pa ola. Mphepo ikathamanga kuposa pamenepo, munthu sapitanso kutsogolo. Amabwerera chambuyo, mphepo n'kumutengera kuseri kwa phiri. Kuseriko mpweya umagubuduka ngati madzi a mumtsinje kuseri kwa thanthwe. Pamenepo phiko limatha kupindika, munthu n'kugwa.

Choncho masiku ena munthu amakwera phiri, n'kukhala pansi, n'kudikira maola awiri, kenaka n'kutsika ndi chikwama chake kumsana osauluka. Ameneyo sanalephere. Asodzi a ku Metangula nawonso sakankha bwato mwera ukalusa panyanja, ndipo palibe amawatcha amantha.

4. Ku Porterville: njira ya kabawi

Disembala ndi Januwale akafika, ambiri amapita ku Porterville, tauni yaing'ono imene ili pafupifupi makilomita 150 kumpoto kwa Cape Town. Kumeneko kuli mzere wautali wa mapiri, ndipo m'munsi mwake muli minda yaikulu ya tirigu. Ouluka amanyamukira pamalo otchedwa Dasklip.

Nthawi imeneyi tirigu amakhala atakolola. Minda imakhala youma. Dzuwa limatentha nthaka, nthaka imatentha mpweya umene uli pamwamba pake. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo umakwera ngati utsi wa pamoto, kungoti suoneka. Ife timaudziwa. Kamvuluvulu amene amanyamula fumbi ndi mapesi m'munda mu Okutobala ndi mpweya wotentha umene ukukwera mozungulira.

Wouluka akalowa mu mpweya wokwera amamva phiko likumukoka. Amanyamulanso kamakina kamene kamalira akamakwera. Pamenepo amayamba kuzungulira monga kabawi, kuti asatuluke mu mpweyawo. Amakwera mamita mazanamazana. Akafika pamwamba amawongola ulendo, n'kumatsika pang'onopang'ono, kufunafuna mpweya wina wokwera. Akaupeza, ulendo umapitirira. Akausowa, amatera m'munda n'kuyamba kufunafuna msewu.

Nanga amaudziwa bwanji mpweya wosaoneka? Amaona mbalame zimene zikuzungulira. Amaona fumbi. Amaona timitambo toyera tokhala ngati thonje, pakuti timeneti timabadwa pamutu pa mpweya wokwera. Amadziwanso kuti munda wouma ndi thanthwe zimatentha msanga kuposa dambo.

Mwa njira imeneyi munthu angafike kutali. Mu Disembala 2008, Nevil Hulett wa ku South Africa ananyamuka ku Copperton, m'chigawo cha Northern Cape, n'kukatera ku Lesotho. Anauluka makilomita oposa 500 tsiku limodzi. Mtunda umenewu ukuposa wa pakati pa Tete ndi Beira tikayeza molunjika.

Koma mpweya wokweza munthu ndi womwewo ungamuphe. Masana dzuwa likafika paliwombo, mpweya umakhala waukali, ndipo ophunzira amauzidwa kuti aziuluka m'mawa kapena madzulo. Choopsa koposa ndi mtambo wakuda wa mabingu. Umenewu umakokera m'kati mwake chilichonse chouluka pansi pake.

Umboni wake unaoneka ku dziko lina, ku Australia, kumene Febuluwale ndi mwezi wotenthanso. Mu 2007, pafupi ndi tauni ya Manilla, mayi wina wa ku Germany, Ewa Wiśnierska, anakokedwa ndi mtambo wotere. Unamukweza mamita 9,946, kuposa phiri la Everest. Anakomoka chifukwa cha kuchepa kwa mpweya wopuma, ndipo thupi lake linakutidwa ndi madzi oundana. Mwamwayi anatsitsimuka n'kutera wamoyo. He Zhongpin wa ku China, amene anakokedwa ndi mtambo womwewo, anafa. Onse awiri anali akatswiri. Mtambo sunaone ukatswiri wawo.

5. Ku Wilderness: mphepo ya panyanja

Tibwerere ku South Africa. Malo athu achitatu ndi Wilderness, pafupi ndi mzinda wa George, makilomita oposa 400 kummawa kwa Cape Town. Nyanja ya kumeneko ndi ya Indian Ocean, yomwe ija ya ku Beira ndi ku Maputo. M'mbali mwa gombe muli zitunda zoyang'ana kunyanja.

Kuno mpweya wokwera umabwera mwa njira ina. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi. Mpweya wa pamtunda ukakwera, wozizira wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. Imeneyi ndiyo mphepo ya panyanja. Ikafika pachitunda singaboole. Imakwera pamwamba pake. Wouluka amakhala kutsogolo kwa chitunda, m'mene mphepo ikukwera, n'kumapita uku ndi uku motsata gombe.

Mphepo yochokera panyanja ndi yosalala, chifukwa sinadutse m'mitengo kapena m'mapiri. N'chifukwa chake ambiri amaphunzirira ku Wilderness ndi ku Sedgefield, tauni yoyandikana nayo. Pano munthu sakwera kwambiri ngati ku Porterville, koma angathe kuuluka nthawi yaitali, mafunde akuphulika pansi pake.

Kugombe nakonso kuli zoopsa zake. Choyamba ndi madzi. Munthu akatera m'mafunde, phiko limadzaza madzi n'kulemera, zingwe zimamukulunga miyendo, ndipo angathe kumira ngakhale pamalo osaya. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu, pakuti ouluka ambiri amagawana chitunda chimodzi.

Tsono pali malamulo, monga a pamsewu. Awiri akakumana maso ndi maso, aliyense amakhotera kumanja kwake. Akakumana m'mbali mwa chitunda, amene chitunda chili kumanja kwake amapitirira, winayo amapatuka. Mu mpweya wokwera, onse amazungulira mbali imene woyamba kulowa akuzungulira. Ku South Africa munthu sauluka yekha asanaphunzitsidwe ndi mphunzitsi wovomerezeka, kulemba mayeso ndi kulandira chiphaso. Bungwe loyang'anira masewerawa kumeneko limatchedwa SAHPA.

6. Nyengo ikatha

Marichi akapita, dzuwa limayamba kufooka. Posachedwa ku Cape Town kumayamba mvula ndi chisanu. Ouluka amaumitsa mapiko awo, amayang'ana ngati nsalu yang'ambika kapena zingwe zatha, n'kusunga pamalo ouma, opanda dzuwa, pakuti dzuwa limadya nayiloni.

Ambiri amakhala ndi kabuku kolembamo maulendo awo: tsiku, malo, mphepo, ndi nthawi imene anakhala m'mwamba. Akawerenga kabukuko amaona pamene anachita bwino ndi pamene analakwa. Chaka chamawa sabwereza cholakwacho.

Taona malo atatu ndi mphepo zitatu. Phiko ndi limodzimodzi, munthu ndi yemweyo, koma mphepo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Phiko angagule aliyense wokhala ndi ndalama. Kudziwa mphepo sikugulidwa. Kumabwera ndi kuphunzira, kufunsa odziwa, ndi kuyang'ana kumwamba tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa masana, tikaona kabawi akuzungulira pamwamba pa munda, tiime pang'ono. Tione pamene akukwerera, ndipo tifunsane chifukwa chake.

MAWU OFUNIKA

phiko — mapiko
chingwe — zingwe
chitunda — zitunda
mtambo — mitambo
mpweya, mphepo, gombe, kamvuluvulu

TIYANKHE

1. Kodi phiko la nsalu limalimba bwanji, popeza lilibe mitengo kapena zitsulo?
2. Masewerawa anatchuka kuchokera ku dziko liti, ndipo m'chaka chiti?
3. Tchulani njira ziwiri zimene mpweya umakwerera.
4. N'chifukwa chiyani munthu sauluka mphepo ikakula kwambiri?
5. Kodi chinamuchitikira Ewa Wiśnierska n'chiyani mu 2007?
6. Ouluka awiri akakumana maso ndi maso, amachita chiyani?

TIWERENGERE

1. Phiko limapita kutsogolo mamita 9 likatsika mita imodzi. Munthu wanyamuka pachitunda cha mamita 100, mpweya uli bata. Kodi akafika mamita angati kutsogolo?
2. Lion's Head ndi mamita 669. Signal Hill ndi mamita 350. Kodi mapiriwa akusiyana ndi mamita angati?

TILEMBE

Mpweya wotentha umakwera.
Mphepo iwombe kumaso, osati kumsana.
Wodziwa mphepo amadziwa kudikira.

TIKAMBIRANE

Kwathu kuno timadziwa bwanji kuti mvula yamabingu ikubwera? Aliyense atchule zizindikiro ziwiri, ndipo anene amene anamuphunzitsa.