Tinyongolotsi ta M'matope a Mitsinje: Kapangidwe ka Thupi ndi Magulu Ake

Mawu oyamba

Patchuthi cha m'chilimwe ndinapita kukachapa pa kamtsinje kamene kamadutsa kumunsi kwa msika wa kwathu. Madzi anali ataphwera, ndipo pamwamba pa matope akuda a m'mbali ndinaona kachigamba kofiira ngati pagwera magazi. Nditaponda pafupi, kufiirako kunazimiririka. Nditaima phee kwa kanthawi, kunabweranso. Ndinatapa matopewo m'botolo n'kubwera nawo kukoleji, kumene mnzanga wina wophunzira sayansi ya zamoyo anandithandiza kuwasefa ndi kuwaona pa mayikulosikopu. Tinapezamo tinyongolotsi tambirimbiri toonda ngati ulusi. Mu nkhani ino ndifotokoza kapangidwe ka thupi la tinyongolotsi timeneti, mmene akatswiri amatiikira m'magulu, ndiponso chifukwa chake ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kukhala nato chidwi.

Vuto la dzina

M'Chichewa mawu oti nyongolotsi timatchulira zamoyo zosiyana kwambiri. Ya m'dimba imene timakolera nsomba ndi nyongolotsi, ya m'mimba mwa mwana ndi nyongolotsinso, chonsecho ziwirizi si zapachibale. Ya m'mimba ili m'gulu la Nematoda, ndipo thupi lake ndi losalala, lopanda zigawo. Ya m'dimba ili m'gulu la Annelida, la zamoyo zimene thupi lake lili ndi zigawozigawo zondondozana ngati mfundo za nzimbe. Tinyongolotsi ta m'matope tija tili m'gulu lachiwirili. M'matope omwewo mumapezekanso mphutsi zofiira za tizilombo touluka ta banja la Chironomidae, koma izo zili ndi kamutu kolimba ndi timiyendo tabodza, zimene nyongolotsi ilibe.

Kapangidwe ka thupi

Kutsogolo kwenikweni kwa thupi kuli kansonga kofewa kotchedwa prostomium, ndipo kuseri kwake kuli chigawo choyamba chimene chili ndi kamwa. Akatswiri amawerenga zigawozi kuyambira kumutu. Kuchokera pa chigawo chachiwiri kumka kumchira pamakhala timinga totchedwa chaetae, timene timamera m'timagulu tinayi pa chigawo chilichonse, tiwiri chakumsana ndi tiwiri chakumimba. Tina ndi tatitali ngati tsitsi, tina ndi tatifupi tokhota, ta nsonga yamphanda. Kanyongolotsi kamagwira matope ndi timinga timeneti poyenda.

Popeza khungu lake ndi lopyapyala, zam'kati zimaonekera. Thumbo ndi limodzi, lowongoka, lochokera kukamwa mpaka kumchira. Mtsempha wa kumsana umakankhira magazi kumutu, wa kumimba umawabwezera kumchira. Mapapo palibe, mpweya umalowera pakhungu. Mitundu yambiri ili ndi magazi ofiira chifukwa cha hemoglobin, imene imagwira okosijeni ngakhale m'madzi amene mpweyawu wachepa. Kanyongolotsi ka mtundu wa Tubifex kamazika mutu m'matope n'kumameza matopewo kuti kapezemo mabakiteriya ndi zowolerana, pamene mchira umatsala kunja n'kumagwedezeka kuti ukoke madzi atsopano. Apa m'pamene ndinamvetsa kachigamba kofiira kaja: inali michira yambirimbiri imene imabwerera m'matope ikamva mgugu wa phazi.

Kanyongolotsi kalikonse kali ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, ngakhale kuti kawirikawiri tiwiri timakumana n'kupatsana mbewu. Kakakhwima, zigawo zingapo zimatupa n'kupanga lamba wotchedwa clitellum, amene amatulutsa kathumba kosungiramo mazira. Mitundu ina ing'onoing'ono imaswana mwa kugawikana: mutu watsopano umamera pakati pa thupi, kenaka thupilo limaduka n'kukhala tinyongolotsi tiwiri.

Magulu ake

Njira yopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini inakhazikika pa nyama ndi buku la Carl Linnaeus la mu 1758. Dzina loyamba lili ngati mfunda, lachiwiri ndilo la mtundu weniweniwo. Pansi pa Annelida pali gulu la Clitellata, la nyongolotsi zokhala ndi lamba uja, ndipo misundu nayonso ili momwemo. Tinyongolotsi tathu timatchedwa Oligochaeta, mawu a Chigiriki otanthauza timinga tochepa. Mabanja odziwika a m'madzi opanda mchere ndi Naididae, Lumbriculidae ndi Enchytraeidae.

Posiyanitsa mitundu, katswiri amayang'ana zinthu zitatu. Choyamba ndi timinga. Tubifex tubifex, imene anaifotokoza Otto Friedrich Müller mu 1774, ili ndi timinga tonga tsitsi kumsana, pamene Limnodrilus hoffmeisteri, imene imakhala m'matope ofanana, ilibe. Chaetogaster ilibiretu timinga ta kumsana. Chachiwiri ndi ziwalo zapadera. Stylaria lacustris ili ndi kachitamba kakatali kumutu, Dero ili ndi tiziwalo topumira kumapeto kwa mchira, ndipo Branchiura sowerbyi, imene inapezeka koyamba m'thanki ya zomera za m'madzi ku London mu 1892, ili ndi tiziwalo totere tondandalikana chakumchira konse. Chachitatu ndi malo a ziwalo zoberekera. Mwa Tubifex ziwalo zopanga mbewu yachimuna zili m'chigawo cha 10 ndipo zopanga mazira zili m'cha 11, pamene mwa Nais zili kutsogolo, m'zigawo za 5 ndi 6. N'chifukwa chake mitundu yambiri imadziwika bwino ikakhala yokhwima.

Magulu amenewa amasintha. Kwa zaka zambiri mabuku ankalemba Naididae ndi Tubificidae ngati mabanja awiri. Kafukufuku wa DNA ataonetsa kuti ndi banja limodzi, panabuka funso la dzina loti litsale. Mu 2007 bungwe loona za mayina a nyama padziko lonse linagamula kuti dzina la Naididae, lomwe ndi lakale chifukwa linaperekedwa mu 1828, ndilo liyenera kutsogola. Wowerenga buku lakale asadabwe akapeza Tubifex m'banja lina.

Kufunika kwake

Tinyongolotsi timeneti ndi chakudya cha nsomba, komanso timatembenuza matope monga mmene nyongolotsi ya m'dimba imatembenuzira nthaka. Chaetogaster limnaei imakhala pathupi la nkhono za m'madzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti imadya ana a tizilombo tolowa m'nkhonozo, kuphatikizapo toyambitsa likodzo. Koma chachikulu n'chakuti tinyongolotsiti ndi mboni ya ukhondo wa madzi. Zonyansa za m'zimbudzi ndi zowola za pamsika zikalowa mumtsinje, mabakiteriya amachuluka n'kumaliza okosijeni. Tizilombo tofuna madzi oyera timafa, n'kutsala Tubifex ndi anzake amene amapirira ndipo chakudya chawachulukira. Choncho kupezeka kwa tiwiri titatu si nkhani, koma chigamba chofiira ngati chimene ndinaona chimasonyeza kuti madziwo aipitsidwa. Kumunsi kwa malo omwewo amayi amatsukirako mbale ndipo ana amasambirako.

Mawu omaliza

Nditabwerera kumudzi ndinayesa kufotokozera amayi anga zimene ndinaona, ndipo ndinavutika kupeza mawu. Nditati "nyongolotsi" anaganiza za m'mimba, nditati "tizilombo" anaganiza za udzudzu. Anamvetsa nditayerekeza zigawo ndi mfundo za nzimbe ndi kuwasonyeza michira ija ikubisala. Mayina a Chilatini tiwasunge monga mmene alili, pakuti ndi a dziko lonse, koma mawu ofotokozera thupi tikhoza kuwapeza m'chiyankhulo chathu: chigawo, timinga, lamba, kathumba ka mazira. Ntchito imeneyi ifunika kuti ophunzira chiyankhulo ndi ophunzira sayansi akhalire pamodzi, chifukwa amene amatunga madzi pamtsinje ndi amene ayenera kukhala oyamba kudziwa tanthauzo la matope ofiira.