Mwana wa M'chipinda cha Pansi: Phunziro pa Mizinda ya M'nthano za Sayansi

Makolo athu akafuna kulangiza mfumu yaukali sankaitchula dzina iai. Ankasimba za Mkango ndi Kalulu, ndipo wokhala ndi makutu ankamva. Olemba a masiku ano ali ndi njira yonga yomweyo. Amamanga mzinda umene kulibe, nauika ku zaka za m'tsogolo kapena ku dziko lachilendo, kuti ife poupenya tizindikire kwathu. Zolemba zotere zimatchedwa nthano za sayansi, ndipo zambiri ndi zazifupi, zoti munthu n'kuwerenga madzulo amodzi. M'phunziro la lero titengapo zinai, zimene zonse zifunsa funso limodzi: kodi mtendere wa mzinda amaulipira ndani?

Poyamba tidziwe mau awiri amene ophunzira amatchulira mizinda imeneyi. Oyamba ndi Utopia, ndipo adawapeka ndi mwana wa Eklezia, Thomas More Woyera, m'buku lake la Chilatini limene lidasindikizidwa ku Louvain m'chaka cha 1516. Mauwa achokera ku Chigriki, ndipo atanthauza malo amene kulibe. More adasimba za chilumba cha mizinda 54, kumene anthu amagwira ntchito maola 6 okha pa tsiku, palibe wokhala ndi chuma chakechake, ndipo golide amamunyoza kotero kuti amasulira maunyolo a akapolo. Taimani pa mau omalizawo. Ngakhale pa chilumba chokomacho akapolo alipo, ndipo ndiwo amagwira ntchito zonyansa monga kupha ndi kusenda nyama. Mau achiwiri ndi dystopia, ndiye kuti malo oipa. John Stuart Mill adawalankhula m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain mu 1868. Ambiri amayesa kuti awa ndi maiko awiri otalikirana. Nthano zathu zionetsa kuti kawirikawiri ndi mzinda umodzi womwewo, koma wina akuupenya ali pa nsanja, wina ali pansi.

Nthano yoyamba, imene zinzake ziwiri zotsatira zikuiyankha, adailemba mai wa ku America, Ursula K. Le Guin, mu 1973, ndipo chaka chotsatira idalandira mphoto ya Hugo. Dzina lake ndi "The Ones Who Walk Away from Omelas", kunena za anthu amene achoka ku Omelas. Omelas ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ndipo tikuupeza pa tsiku la chikondwerero: mabelu akulira, anthu akuvina m'misewu, anyamata ndi atsikana akukonzekera mpikisano wa akavalo. Kulibe mfumu, kulibe asilikali, kulibe akapolo. Chipembedzo wolembayo adachilola, koma ansembe adawakana. Ine pofika pamenepo ndidaseka ndekha, ndipo sindidamsungire mangawa. Anthu ake sali opusa. Ndi anzeru, aluso, okonda ana ao.

Tsono wosimba nthanoyo, poona kuti sitikhulupirira za mzinda wokoma chotere, atitengera pansi pa nyumba ina. M'menemo muli kachipinda kopanda zenera, kosungiramo zokolopera ndi ndowa yadzimbiri. M'kachipindamo mukhala mwana wa zaka pafupifupi 10, koma wooneka ngati wa zaka 6, wamaliseche, wazilonda, wokhala pa zonyansa zake zomwe. Chakudya chake ndi theka la mbale ya phala ndi mafuta pa tsiku. Anthu onse a ku Omelas akudziwa kuti mwanayo alipo, pakuti aliyense amauzidwa akafika zaka za pakati pa 8 ndi 12, ndipo ena amapita kukamuona ndi maso. Akudziwanso pangano lake: mwanayo akangotulutsidwa, kapena wina akangomlankhula mau amodzi okoma, mtendere wonse wa mzinda utha pa ora lomwelo. Achinyamata amabwerako akulira. Koma pakapita masiku amadzitonthoza, namati mwanayo adaonongeka kale, ngakhale atatuluka sangakondwe.

Funso limeneli silidayambe ndi Le Guin. Iye mwini adati adalipeza kwa William James, amene adalifunsa mu 1891, ndipo Dostoevsky adali atalifunsa kale mu 1880 pakamwa pa Ivan Karamazov, amene akana chimwemwe cha anthu onse ngati chimangidwa pa misozi ya mwana mmodzi. Koma Mkristu akulidziwa kuchokera kutali koposa. Pa Yohane 11:50 mkulu wa ansembe Kayafa auza bwalo kuti n'kwaphindu kupereka munthu mmodzi kusiyana n'kutaya mtundu wonse. Nzeru ya ku Omelas ndi nzeru ya Kayafa, ndipo masamu ake ngoona: anthu zikwi ngochuluka kuposa mmodzi. Cholakwa chili pa kuyesa kuti munthu ndi chinthu chowerengera pamodzi ndi matumba a chimanga. Paulo Woyera pa Aroma 3:8 atsutsa amene amati tingachite choipa kuti chabwino chitulukepo, ndipo Papa John Paul II adabwereza chiphunzitso chomwecho m'kalata yake Veritatis Splendor mu 1993: zilipo ntchito zina zoipa mwa izo zokha, zimene phindu lililonse silingaziyeretse.

Apa wina angandifunse kuti, "Bambo, nanga ife sitidapulumuke ndi masautso a Mmodzi wosalakwa? Tisiyana bwanji ndi a ku Omelas?" Funsolo ndi lolemera, ndipo sitiyenera kulithawa. Kusiyana kwake kuli pawiri. Choyamba, Ambuye Yezu adapita ku mtanda mwa kufuna kwao, monga anena pa Yohane 10:18 kuti moyo wao sachita kulandidwa. Mwana uja sadafunsidwe, ndipo amapempha kuti amtulutse. Chachiwiri, ku Omelas amphamvu aika wofooka pansi kuti iwo akhale pamwamba. Pa Kalvario Wamphamvuyonse ndiye adatsikira pansi, nalowa m'malo mwa ofooka. Le Guin adafotokoza kuti dzina lakuti Omelas adalipeza powerenga chobwerera chikwangwani cha pa msewu cha mzinda wa Salem ku Oregon. Salem ndi dzina la mtendere, dzina la mzinda wa Melkizedeki. N'koyenera ndithu kuti mzinda wotere ukhale ndi dzina la mtendere lolembedwa chafutambuyo.

Nthanoyo itha ndi anthu owerengeka amene ataona mwanayo sabwereranso kwao. Amatuluka pa chipata mmodzimmodzi, usiku, nalunjika kumapiri, ndipo wosimbayo avomera kuti sadziwa kumene apita. Owerenga ambiri amawayamika, inenso ndiwalemekeza, pakuti akana kudya nsima yophikidwa ndi misozi. Koma pali chinthu chimene chimandisowetsa tulo: iwo atapita, mwana uja akali momwemo. Sindinena kuti ali ngati Pilato wosamba m'manja, kumeneko kukadakhala kuwaweruza mopitirira. Komabe pa njira ya ku Yeriko wansembe ndi Mlevi naonso sadamenye munthu, adangolambalala.

Chimenechi n'chimene chidavuta N. K. Jemisin, mai wakuda wa ku America, amene mu 2018, chaka chimene Le Guin adamwalira, adatulutsa yankho lake, "The Ones Who Stay and Fight", za amene atsala namenya nkhondo. Mzinda wake ndi Um-Helat, ndipo mulibe mwana wobisidwa. Anthu a mitundu yonse, olumala ndi alunga, akhala mosamalirana. Koma mwamuna wina wakhala akumvetsera mobisa mauthenga ochokera ku dziko lathu lino, ndipo watengako ganizo lakuti anthu ena ngachabe kuposa anzao. Ku Um-Helat ganizo limenelo amaliyesa nthenda yopatsirana. Osamalira mzinda ampeza munthuyo, namupha, ndipo mwana wake wamkazi, amene waona mtembo wa atate ake, amtenga kuti amlere ndi kumchiza.

Jemisin akunena zoona pamene ati choipa sichitha ndi kuchithawa, ndiponso kuti tsankho limafala ngati mliri; mbiri ya anthu a mtundu wake ku America imchitira umboni. Koma taonani kumene tafika. Tidanyamuka kuti tichotse mwana m'chipinda cha pansi, ndipo tapezeka titaima pambali pa mtembo ndi mwana wamasiye. Masamu a Kayafa abwerera polowera khomo lakuseri. Fanizo la tirigu ndi namsongole pa Mateyo 13 lidanenedwa chifukwa cha antchito achangu otere, ofuna kuzula nthawi isanakwane. Pano ife Akatolika tiyenera kulankhula modzichepetsa, pakuti ana a Eklezia naonso adayesapo kuteteza choona ndi moto. Ngakhale m'zaka zimene Thomas More adali nduna yaikulu ya Henry VIII, anthu ena adatenthedwa ku England chifukwa cha chipembedzo; kenaka iye mwini adadulidwa mutu mu 1535 chifukwa chokana kugonjetsa chikumbumtima chake kwa mfumu yomweyo. Pa 12 March 2000 Papa John Paul II adapempha chikhululukiro poyera chifukwa cha nkhanza zochitidwa m'dzina la choona. Tikatsutsa Um-Helat, tikutsutsa njira imene tidayendamo, tidaona kumene ithera.

Ya chitatu tingoitchula mwachidule. Mu 2024 Isabel J. Kim adalemba nthano imene anthu ena athyola chitseko napha mwana wa ku Omelas, poganiza kuti potero athetsa panganolo. Tsoka ligwera mzinda, ndipo akuluakulu angosankha mwana wina namtsekera momwemo. Akaphedwa ameneyo, aikamo winanso. Pamenepo anthu a maiko ena akupenyerera pa intaneti, akutsutsana ndi kudzudzula Omelas, ngati kuti kwao kulibe zipinda zapansi. Ndi nthano yowawa, yoseka ndi mano okha, ndipo mbola yake ilasa ife owerenga.

Nthano ya chinai siyankha Le Guin, ndipo idalembedwa kutali, m'Chitchaina; koma kwa ine ndiyo yoopsa koposa, chifukwa mulibe munthu wankhanza ngakhale mmodzi. Adailemba Hao Jingfang, mai wophunzira sayansi ndi za chuma; Ken Liu adaimasulira m'Chingerezi mu 2015 pa dzina lakuti "Folding Beijing", ndipo mu 2016 idalandira mphoto ya Hugo. M'menemo mzinda wa Beijing udamangidwa kuti uzipindika ngati mphasa. Nthaka imatembenuka, nyumba zina zimalowa pansi, zina zimatuluka, ndipo magulu atatu a anthu amagawana maola 48. Gulu loyamba, anthu 5 miliyoni, lilandira maola 24 athunthu. Lachiwiri, anthu 25 miliyoni, lilandira maola 16. Lachitatu, anthu 50 miliyoni, lilandira maola 8 okha, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Nthawi ya gulu ikatha, anthu ake amagonekedwa ndi mpweya wa mankhwala mpaka nthawi yao itakwananso. Chimene osauka alandidwa kumeneko ndi dzuwa lenilenilo.

Munthu wathu ndi Lao Dao, wa zaka 48, wa gulu lachitatu, amene ntchito yake ndi yosankha zinyalala. Sali woukira boma. Chimene afuna ndi ndalama zoti mwana wamkazi Tangtang, amene adamtola atatayidwa, alowe sukulu ya mkaka yophunzitsa nyimbo ndi kuvina. Chifukwa chake avomera ntchito yoletsedwa, yokapereka kalata yachikondi ya mnyamata wa gulu lachiwiri kwa mkazi wa gulu loyamba. Ali kumeneko amva akuluakulu akukambirana za makina otha kusankha zinyalala popanda anthu. Makinawo awakana, osati chifukwa manja a anthu agwira bwino, koma chifukwa sadziwa kumene angaike mamiliyoni otsala opanda ntchito. Mwana wa ku Omelas, ngakhale azunzika, mzinda ukumfuna. Lao Dao azindikira kuti iye ndi anzake onse mzinda suwafuna konse. Ungowasunga m'maola a usiku kuti asaoneke. Papa Francis, amene adamwalira mu 2025, ankadandaula kawirikawiri za chikhalidwe chotaya anthu ngati zinyalala, ndipo sindidziwa nthano ina imene ichionetsa bwino kuposa iyi.

Nanga wolungama ndani m'mizinda inai imeneyi? Ine ndikaika pamodzi ochoka a ku Omelas, omenya nkhondo a ku Um-Helat, ndi othyola chitseko a Kim, ndipeza kuti onse maso ao ali pa mzinda: wina authawa, wina auteteza, wina afuna kuugwetsa. Mmodzi yekha ndiye maso ake ali pa mwana, ndipo ndi uja wosankha zinyalala, amene sadaphunzire, amene alibe mphamvu yosintha ngakhale ora limodzi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lao Dao mwambiwo saudziwa, koma adawerama pakati pa zinyalala, nanyamula khanda limene wina adataya.

Hao Jingfang sampatsa chigonjetso. Pobwerera mwendo wake upanikizidwa pamene nthaka ikutembenuka, ndipo afika kwao ali wotsimphina, ndalama zili m'thumba. Mzinda ukupindikabe monga kale. Apeza atsikana oyandikana naye akukangana ndi wotolera ndalama za lendi, natapa pa ndalama zija kuti mkanganowo uthe. Kenaka alowa m'kachipinda kake, ayang'ana Tangtang ali m'tulo, napenya nthawi: yakwana yopita ku ntchito.