Mapemphero a Pabanja: Kuwayambitsa Popanda Kuthamangitsa Ana

Makolo ambiri amayamba mapemphero a pabanja mu Januwale ndi changu chachikulu, koma pofika nthawi yokolola amakhala atasiya. Ena sasiya ayi, koma ana amabwera mokakamizika, ndipo akangopita ku sekondale yogonera komweko Baibulo salitsegulanso. Ndaziona m'makomo ambiri pa zaka zimene ndaphunzitsa Sande sukulu ndi kuyendera mabanja, ndipo zinthu zimalakwika pamalo amodzimodzi.

Zokonzekera n'zochepa: Baibulo, nyale ndi nthawi. Ngati ana ali aang'ono, pezani Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 m'Chichewa chosavuta kumva. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, ndi chuma chathu, ndipo agogo ambiri analoweza mavesi ake, koma mwana wa Sitandade 4 amapunthwa pa mawu ake ena akale. Mtengo wa Baibulo, mongoyerekeza, ungafanane ndi wa nkhuku ziwiri kapena zitatu zachikuda. Bambo amene amagula bandulo sabata ndi sabata asanene kuti ladula. La pafoni limathandiza, koma uthenga wa pa WhatsApp ukalowa, maso a nyumba yonse amapita komweko.

Nthawi yabwino ndi pamene mwangomaliza kudya nsima yamadzulo, anthu asanabalalike. Mphindi 10 kapena 15 zakwana: nyimbo imodzi, ndime imodzi, kukambirana, pemphero. Musadikire kuti ana ayambe kusinza. Ndipo lekani chizolowezi chongotsegula Baibulo paliponse pamene chala chagwera. Tengani Uthenga Wabwino wa Maliko, uli ndi mitu 16 yokha, muuwerenge pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Mukatero pitani pa nkhani ya Yosefe, Genesis 37 mpaka 50. Palibe mwana amene amagona abale ake a Yosefe akumuponya m'dzenje. A Sinodi ya Nkhoma ali ndi Mlozo, Akatolika ali ndi mawerengo a tsiku ndi tsiku. Wowerenga akhale mwana, lero uyu, mawa uyo, ngakhale achite chibwibwi.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa. Mwana wawerenga, Baibulo latsekedwa, bambo akonza kukhosi nayamba kulalikira. Ulalikiwo umayambira ku Yeriko, koma posakhalitsa wafika pa mbale imene inasweka dzulo, pa ndiwo zimene zinapserera, pa masamu amene wina walephera. Mayi nawo popemphera amauza Mulungu za ulesi wa mwana wawo, mwanayo ali pomwepo, azing'ono ake akuseka chamumtima. Mapemphero asanduka bwalo la milandu, ndipo wozengedwa mlandu ndi mwana tsiku lililonse.

Musatero. Ndikubwereza, musadzudzule mwana pogwiritsa ntchito vesi kapena pemphero pamaso pa abale ake. Mwana wotere amaphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti Baibulo likatsegulidwa iye achititsidwa manyazi, ndipo akadzakhala pa yekha adzalithawa. Makolo amakonda Aefeso 6 vesi 1 mpaka 3, pamene ana akulamulidwa kumvera, nalekeza pomwepo. Vesi 4 ikulankhula kwa atate, kuti asapsetse ana awo mtima. Werengani yonse. Ngati mwana walakwa, mulangizeni ndithu, kumulanga ngati n'koyenera, koma masana, kuseri, muli awiri. Nthawi ya mapemphero si yake imeneyo.

Nanga muchite chiyani mwana akamaliza kuwerenga? Funsani funso limodzi, kenako khalani chete. "Wamvapo chiyani?" "Ukanakhala iweyo m'ngalawa muja, ukanatani?" Masiku oyamba ana adzangoyang'ana pansi, chifukwa tinawalera kuti mwana salankhula akulu ali pomwepo. Pirirani. Musafulumire kudziyankha nokha. Yambani ndi wamng'ono, amene sanaphunzire manyazi. Yankho likakhala lokhota musaseke, ndipo musalole akulu ake kumuseka. Muyamikeni pa chimene wagwira, muwongole chotsalacho mofatsa. Pemphero nalonso lizizungulira. Mwana wa zaka zisanu akapempherera mbuzi yodwala, nonse nenani Amen ndi mtima wonse.

Pakapita milungu ingapo mafunso enieni adzayamba kutuluka, ndipo ena ndi olemera. "Tinapempherera agogo, bwanji anamwalirabe?" "Kodi afiti angathe kumupha Mkhristu?" "Madzi amene mneneri uja amagulitsa pa wailesi yakanema amachiritsadi?" Apanso makolo amalakwitsa. Amakalipa kuti amenewo ndi mafunso a Satana, mwana n'kutseka pakamwa mpaka kalekale. Koma funsolo silinafe. Akalifunsa kwa anzake kapena pa TikTok, ndipo kumeneko oyankha sasowa. Ngati yankho mulibe, muuzeni kuti Lamlungu mukafunsira limodzi kwa abusa, kwa bambo mfumu kapena kwa mkulu wa mpingo, ndipo mupitedi naye. Mwana amene waona bambo ake akufunsa amadziwa kuti kufunsa si tchimo.

Chinanso: ana amaonetsetsa zimene mumachita mukadzuka pa mkeka wa mapempherowo. Wangongole akagogoda inu n'kutuma mwana kuti "kawauze kuti kulibe", phunziro la usiku wathawu lafafanizika. Chimodzimodzi miseche ya abusa ndi amayi a Mvano kapena a Chigwirizano pobwerera ku tchalitchi, kutukwana wantchito, kumubisira malipiro ake, kapena kumangirira mwana chithumwa m'chiuno Loweruka, Lamlungu n'kupita naye ku Sande sukulu. Mukamukalipira mwana pa chinthu chimene sanachite, mupepeseni. Ambiri amati wamkulu sapepesa mwana. Nanga kulapa kumene mukumuphunzitsako adzakuona kuti, ngati sanakuonepo pa inu?

Pali malangizo awiri amene amanditopetsa. Oyamba ndi akuti asiyeni ana adzasankha okha akakula. Simunamusiye mwana kuti adzasankhe yekha ngati akufuna sukulu kapena ayi. Achiwiri ndi akuti imeneyi ndi ntchito ya mpingo. Sande sukulu, Tilitonse, kalasi, chilangizo, zonsezi n'zofunika, atumizeni ana, koma mphunzitsi amakhala nawo ola limodzi kapena awiri pa sabata, nthawi zina ana makumi angapo pansi pa mtengo. Deuteronomo 6 anapereka ntchitoyi kwa makolo, kuti azikamba mawu a Mulungu ndi ana awo ali m'nyumba, poyenda, pogona ndi podzuka.

Amayi amene mukulera ana nokha, bambo ali ku Joni kapena anatisiya, musadikire mwamuna woti adzatsogolere. Paulo pokumbutsa Timoteo za chikhulupiriro chake anatchula agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike. Agogo amene mukusunga adzukulu, ngati maso akuvuta, mdzukulu awerenge, inu mufunse mafunso.

Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera, m'sutikesi mwake mukhale Baibulo lakelake, lolembedwa dzina lake, osati lobwereka. Mulimbikitseni kulowa SCOM kapena YCS, kapena gulu la achinyamata la mpingo wanu ngati lilipo pasukulupo. Akabwera kutchuthi mupatseni mpata atsogolere mapemphero sabata yathunthu, asankhe yekha ndime ndi nyimbo, inu mukhale womvetsera. Akabwera ndi maganizo achilendo, kambiranani, musamuopseze.

Masiku ena mudzaphonya: maliro, matenda, alendo, kutopa kwa kumunda. Musanene kuti basi zalephereka. Mawa lake pitirizani pamene munalekezera. Ndipo ngati kwanu simunayambe, musadikire Januwale. Madzulo ano mukasamba m'manja, mupatseni mwana Maliko mutu 1 awerenge, mumufunse chimene wamva, ndipo nkhani ya mbale yosweka ija muisunge mpaka mawa masana.