Japchae: Chakudya cha Mbatata cha ku Korea

Ku Korea kuli chakudya chotchedwa japchae, chimene sichisowa pa ukwati ndi pa maphwando ena a pabanja. Maziko ake ndi tizingwe totchedwa dangmyeon, topangidwa ndi mbatata. Amasinja mbatatayo naitsukuluza m'madzi, ndipo ufa woyera wodikha pansi ndiwo amaumbira tizingweto. Tikapsa timawala ngati galasi.

Tizingwe timeneti patokha timangopatsa mphamvu, pakuti zabwino zambiri za m'mbatata zimapita ndi madzi aja. Mwana wodya tokhato angakhute, koma sangakule bwino. Anthu a ku Korea satidya totero. Amafutsa sipinachi pang'ono, nakazinga padera karoti, anyezi, bowa ndi kanyama ka ng'ombe, kenaka n'kusakaniza zonse ndi mafuta a chitowe. Dzinalo litanthauza ndiwo zamasamba zosakaniza. M'zaka za m'ma 1600, m'nthawi ya Mfumu Gwanghaegun, munalibe tizingwe konse. Tinalowamo m'zaka za m'ma 1900.

Chimodzi chokha chimandidandaulitsa: msuzi wa soya umene amathiramo uli ndi mchere wambiri. Inu amene anakupezani ndi matenda othamanga magazi kuchipatala, mukadzachipeza chakudyachi, mudzadye pang'ono.