Op-amp yodya moto pang'ono: uthenga kwa amisiri a ku Uraha

Amisiri anzathu okonza mawailesi, nyali za sola ndi masikelo a digito ku Uraha, Uliwa mpaka ku Chilumba, zambiri zimene makasitomala amakubweretserani masiku ano zimayendera batire limodzi la lithium kapena mabatire awiri a tochi. Mukatsegula mumapeza ka IC kakuda ka miyendo 8. Nthawi zina kameneko ndi op-amp. Ntchito yake ndi kukweza kamphamvu kochepa kochokera ku maikolofoni kapena ku sensa, kapenanso kuyerekeza mavoti awiri, monga m'nyali zina zimene zimadziyatsa zokha kukada.

Yambani mwafunsa batire

Batire la 18650 likadzaza limapereka mavoti 4.2, ndipo likafika pa 3.0 latha. Mabatire awiri a AA amapereka 3. IC yotchuka ya 741, imene kampani ya Fairchild inatulutsa mu 1968, siingadzuke n'komwe ndi moto wochepa chotere. Musataye nayo nthawi.

LM358 ndi imene imapezeka mosavuta m'mabodi akale, ndipo imagwira kuyambira mavoti 3 mpaka cha ku 30. Koma ili ndi khalidwe lake: moto umene imatulutsa umaperewera ndi mavoti pafupifupi 1.5 pa wa batire. Mukaipatsa 3.7, pamwendo wotulutsa simuona kuposa 2.2 kapena pamenepo. Batire likangoyamba kutsika, mawu amasasa, nyali imaphethira, kasitomala amabwerera atakwiya, pamene IC-yo siinapse ayi.

Ya ntchito imeneyi ndi MCP6002 ya kampani ya Microchip. Imagwira kuyambira mavoti 1.8 mpaka 6, imatulutsa moto wofika pafupi ndi wa batire lenilenilo, ndipo mbali iliyonse imadya pafupifupi 0.1 mA basi. LMV358 nayo ndi yabwino, mavoti 2.7 mpaka 5.5, kungoti imabwera yaing'ono kwambiri, yomata pamwamba pa bodi, yofuna dzanja losanjenjemera.

Miyendo yake

Pa LM358, MCP6002 ndi LMV358 miyendo ndi yofanana. Pezani kadontho kapena kamphako pamutu pa IC, muwerenge kuchokera pamenepo mozungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi. Mwendo 8 ndi pozitivi, 4 ndi negativi, 1 ndi 7 ndi yotulutsa, yotsalayo ndi yolowetsa. Mukaika rezisita ya 100k pakati pa mwendo 1 ndi 2, ina ya 10k kuchokera pa 2 kupita ku negativi, cholowa pa mwendo 3 chimakwera ka 11. Kapasita ya 100 nF ikhale pafupi ndithu ndi mwendo 8 ndi 4.

Apa ndiye pofera ambiri

Kufanana kwa miyendoku kumanyenga. Asodzi a usipa ndi mabanja a sola ambiri amagwiritsa ntchito batire la mavoti 12. LM358 imapirira moto umenewo, koma MCP6002 ikaulawa imapsa nthawi yomweyo. Ngati bodi ndi ya 12, siyani LM358 pamalo pake, apo ayi tsitsani moto kaye ndi 7805 kuti ukhale 5.

Musakhalitsenso chowotcherera pamwendo umodzi. Ngati pali soketi ya miyendo 8, wotchererani soketiyo, IC muilowetse pambuyo. Ndipo chonde, musanazule kapena kuika IC iliyonse, ikani mita pa mwendo 8 ndi 4, muwerenge mavoti, kenako muwerenge nambala yolembedwa pamsana pake.